Erwin F. Smith ndi Tizirombo Tofotetsa Mbewu

Mlimi aliyense amene anaonapo matimati kapena mbatata yake ya kachewere ikufota pamene nthaka ikadali ndi chinyontho, mwina anakumana kale ndi kachirombo kosaoneka ndi maso kamene Erwin F. Smith anakalongosola m'chaka cha 1896. Smith anabadwa mu 1854 m'chigawo cha New York ku Amereka, ndipo mu 1886 analowa ntchito mu unduna wa zamalimidwe wa dzikolo.

Masiku amenewo akatswiri ambiri, makamaka a ku Germany, ankakana kwa mtu wa galu kuti mabakiteriya angadwalitse mbewu. Mmodzi mwa iwo, Alfred Fischer, ankaumirira kuti tizirombo timeneti timangolowa m'zomera zoonongeka kale. Smith anayankha ndi ntchito ya manja ake: ankapatula kachirombo m'chomera chodwala, n'kukabaya m'chomera chabwinobwino, nadikira kufikira icho chitadwalanso. Pofika 1901 mkanganowo unazilala, choona chili kwa Smith.

Mu 1907, iye ndi C. O. Townsend anapeza kuti zotupa zotuluka patsinde pa mitengo ya zipatso nazonso zimadza ndi bakiteriya. Apa mkuluyu anapitirira muyeso pang'ono, pakuti anatha zaka zambiri akuyesa kuti khansa ya anthu imayamba chimodzimodzi. Anamwalira mu 1927 asanatsimikize ganizolo.

Chinsinsi cha zotupazo chinaululika mu 1977, pamene Mary-Dell Chilton ndi anzake anaonetsa kuti kachiromboko kamalowetsa chidutswa cha DNA yake m'chomera. Lero asayansi amakatuma komweko akafuna kusintha chibadwa cha mbewu.