Steve Jobs: Moyo Wake ndi Filimu Yake

Steve Jobs anabadwira ku San Francisco, m'dziko la America, pa 24 February 1955. Omubala anampereka kwa ena akali khanda, ndipo analeredwa ndi Paul ndi Clara Jobs. Mu 1976 iye ndi mnzake Steve Wozniak anayambitsa kampani ya Apple, nayamba kulumikiza makompyuta m'galaji ya pakhomo pa makolo omulerawo. Katswiri wa makina anali Wozniak. Jobs anali wodziwa malonda.

Filimu yochedwa dzina lake, ya mu 2015, ionetsa masiku atatu cabe, pamene anali kukonzeka kuonetsa kompyuta yatsopano kwa anthu: mu 1984, 1988 ndi 1998. Mikangano yambiri imene muona m'menemo sinacitike pa masikuwo ai. Wolemba filimuyo, Aaron Sorkin, anacita kuiunjika pamodzi.

Koma pa nkhani ya mwana, filimu sinaname. Lisa atabadwa mu 1978, Jobs anakana kuti ndi wake, iye amene anakulira m'manja mwa eni. Mlandu unafika ku khoti, magazi anapimidwa, ndipo m'pamene anayamba kupereka ndalama zolerera. Patapita zaka anamuvomera, mtsikanayo nakhalako pakhomo pa atate ake.

Filimu ithera mu 1998, Jobs atangobwerera ku Apple kumene anacoka mu 1985 atakangana ndi akuluakulu anzake. Simudzaonamo mkazi wake Laurene, lamya ya iPhone ya mu 2007, kapena khansa ya kapamba imene inamupha pa 5 October 2011, ali ndi zaka 56.