RICHARD WRIGHT: MWANA WA M'MUNDA WA THONJE NDI NDAKATULO ZA MIZERE ITATU

Tikusimbirani mbiri ya mlembi wakuda wa ku America, Richard Wright, amene anamwalira m'caka ca 1960. Dziko limamdziwa cifukwa ca mabuku ake akulu-akulu otsutsa tsankho la khungu. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti miyezi yotsiriza ya moyo wake anaithera pa ndakatulo zing'ono-zing'ono zochedwa haiku, za mizere itatu cabe, ndi kuti analemba pafupi-fupi 4,000 ali cidwalire.

UBWANA WA NJALA

Richard Wright anabadwa pa 4 September 1908 pa munda wina waukulu wa thonje pafupi ndi tauni ya Natchez, m'cigawo ca Mississippi, kum'mwera kwa dziko la America. Agogo ake anabadwira mu ukapolo. Atate ake, a Nathan Wright, sanadziwe kulemba kapena kuwerenga, ndipo analibe munda wao-wao: anali kulima m'munda wa mzungu, nagawana naye zokolola. Mlimi wa thonje wa ku Zemba m'boma la Chadiza adziwa bwino kuwawa kwa msana kumene mbeu imeneyi imafuna. Tsono taganizani kukolola thonje lotere, gawo lalikulu ndi kupita kwa mwini nthaka. Amai ake, a Ella, anali mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi.

Banja lija linasamukira ku mzinda wa Memphis kukafuna moyo wabwinoko, koma kumeneko atate anathawa banja Richard akali wamng'ono. Kuyambira pamenepo njala inakhala mlendo wa tsiku ndi tsiku m'nyumba mwao. Kwa kanthawi mwanayu anasungidwa ku nyumba ya ana amasiye. Pambuyo pake anakakhala kwa m'bale wao wa amai ake ku Elaine, m'cigawo ca Arkansas, kumene anayamba kudya ndi kukhuta. Mtendere umenewu sunakhalitse, pakuti azungu anapha mwini nyumbayo, a Silas Hoskins, pomcitira nsanje cifukwa ca malonda ake, ndipo banja lonse linathawa osaona ngakhale maliro. Sipanapite nthawi, amai ake anadwala matenda ofa ziwalo, ndipo Richard anakulira kwa agogo ake aakazi ku Jackson.

Sukulu anaphunzira modukiza-dukiza. Ngakhale zinali tero, m'caka ca 1925 anatsiriza giredi 9 ali woyamba m'kalasi mwake. Maphunziro ake a m'kalasi anatha posakhalitsa pambuyo pake.

KUBWEREKA MABUKU MOBISA

Atabwerera ku Memphis kukagwira nchito, Richard anapeza kuti munthu wakuda sanali kuloledwa kubwereka mabuku ku laibulale ya mzindawo. Mzungu wina wogwira naye nchito anambwereka khadi lake. Richard anali kudzilembera yekha kakalata konga kuti kacokera kwa mzunguyo, napita nako ngati wotumidwa cabe. Mwa njira imeneyi anawerenga mabuku ambiri, nazindikira kuti mau olembedwa angathe kukhala cida comenyera nkhondo.

M'caka ca 1927 anapita kumpoto, ku mzinda wa Chicago, kumene anagwira nchito zosiyana-siyana, ina ya ku positi ofesi, usiku nalemba nthano. M'caka ca 1937 anasamukira ku New York. Buku lake loyamba, Uncle Tom's Children, linatuluka mu 1938. Linatsatira ndi Native Son mu 1940, nkhani ya mnyamata wakuda wa m'makomboni a Chicago amene mantha ndi umphawi zinamfikitsa pa kupha munthu. Makope oposa 200,000 anagulidwa m'masabata atatu oyamba, cinthu cimene cinali cisanacitikepo kwa mlembi wakuda. Mu 1945 anatulutsa Black Boy, mbiri ya ubwana wake.

Koma kuchuka sikunamcotsere tsankho. Iye ndi mkazi wake Ellen, amene anali mzungu, anali kunyozedwabe, ndipo mu 1947 anasamukira ku Paris, m'dziko la France, osabwereranso kukakhala kwao.

MASO AKE PA AFRICA

Ali ku Paris, mtima wa Wright unatembenukira ku maiko amene anali kumenyera ufulu. Mu 1953, caka comwe cija Atsamunda anatikakamiza citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, iye anakaceza ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, kukaona nchito ya Kwame Nkrumah. Zimene anaona anazilemba m'buku la Black Power, la mu 1954. Mu 1955 anakakhala nao pa msonkhano wa ku Bandung, m'dziko la Indonesia, kumene maiko 29 a mu Africa ndi Asia anakumana, ndipo analembanso buku lonena za msonkhanowo.

Caka ca 1959 cinamgwera ngati mtengo. Mu January amai ake anamwalira ku America. Mu September bwenzi lake la pamtima, George Padmore, mlangizi wa Nkrumah, anamwalira ku London. Iye mwini anagwidwa ndi matenda a kamwazi amene anamfooketsa kwa miyezi yambiri. Mabuku ake atsopano sanali kugulidwa monga kale, ndalama zinacepa, ndipo anagulitsa nyumba yake ya kumudzi ku Normandy. Mkazi wake anali atasamukira ku London, koma boma la Britain linakana kumpatsa Wright cilolezo cokhala kumeneko. Munthu amene dzina lake linamveka dziko lonse anatsala m'kanyumba kakang'ono ku Paris, wodwala ndi wosowa mphamvu zolembera buku lalitali.

HAIKU NDI CIANI?

M'nyengo yomweyi mnyamata wina wolemba ndakatulo wa ku South Africa, Sinclair Beiles, anamdziwitsa za haiku. Wright anawerenga mabuku anai a R. H. Blyth, Mngelezi wokhala ku Japan, amene anamasulira ndakatulo zimenezi m'Cingelezi pakati pa 1949 ndi 1952.

Kwao kwa haiku ndi ku Japan. Mwini luso wamkulu wa ndakatulozi ndi Matsuo Basho, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1644 kufikira 1694, ndipo dzina lakuti haiku linafalitsidwa ndi Masaoka Shiki, amene anamwalira mu 1902. Lamulo lake ndi losavuta kulichula koma lobvuta kulisunga. Ndakatulo yonse ikhala ndi maphatikizo 17: mzere woyamba 5, waciwiri 7, wacitatu 5. Phatikizo ndi kadukidwe ka liu pochula. Dzina lakuti Ze-mba lili ndi maphatikizo 2, ndipo Cha-di-za lili ndi 3. Ndiko kuti maina awiriwa okha adzaza kale mzere woyamba. Muone kucepa kwake kwa malo.

Lamulo lina ndi lakuti mukhale liu losonyeza nyengo ya caka. Kwathu kuno mukachula ngumbi kapena bowa, aliyense adziwa kuti ndi dzinja, osamuuza. Mukachula lupsa, adziwa kuti ndi cilimwe. Haiku iyenda motero. Wolemba safotokoza za cisoni kapena cimwemwe cake, ndipo sapereka malangizo. Angoika pamaso pa wowerenga cinthu cimodzi kapena ziwiri zimene waona, zotsalazo wowerenga amalize yekha mumtima.

Olemba haiku ambiri a m'Cingelezi anadzaleka kuwerenga maphatikizo, ponena kuti Cingelezi ndi Cijapani sizilingana kalemeredwe ka mau. Wright sanatero. Pafupi-fupi ndakatulo zake zonse zisunga muyeso wa 5, 7, 5.

NCHITO YA PAMPHASA

Mwana wake wamkazi, Julia, anadzasimba pambuyo pake kuti atate ake sanali kusiyana ndi buku lao la haiku. Anali kulemba ali gone pa bedi, anali kuwerenga maphatikizo pa timapepala topukutira m'manja m'nyumba zodyera, ndipo masamba olembedwa anali kuwapacika m'cipinda monga zobvala zoyanika, kuti awaone bwino ndi kuwasankha. Kwa Julia, nchito imeneyi inali mankhwala amene atate ake anadzipezera okha pa matenda ndi maliro.

Nkosabvuta kuona cifukwa cake. Munthu wodwala sangalime ekala yathunthu, koma angathe kusamala kadimba ka kuseri kwa nyumba. Buku lalitali lifuna mphamvu za zaka. Haiku ifuna mpweya umodzi ndi maso openya. Ndiponso lamulo la maphatikizo linampatsa cogwirira: pamene zonse zinali kumpulumuka, thanzi, cuma ndi abale, panali cinthu cimodzi cimene anatha kuciika m'malo mwake ndi kudziwa kuti cakwana.

Codabwitsa ndi zimene zinatuluka m'ndakatulozo. Mlembi amene moyo wake wonse analemba za mizinda, ndende ndi cidani, tsopano anabwerera ku minda ya ubwana wake. Muli thonje ndi dzuwa la ku Mississippi, akhwangwala, zoopsezera mbalame m'munda, mvula, mphaka ndi makoswe. Mulinso kusungulumwa kwa munthu wodwala ndi nkhope za amphawi. Mkwiyo wa m'mabuku ake akale sunafe, koma unaleka kufuula. Dziko limene linamzunza ndi kumthamangitsa linali ndi mitengo ndi mbalame zimene mwana uja anazikonda, ndipo tsankho silinathe kumlanda zimenezo.

IMFA NDI CIMENE CINATSALA

Mwa ndakatulo zonse zija Wright anasankha 817, nazitumiza kwa osindikiza mabuku ku America m'caka ca 1960. Iwo anazikana. Pa 28 November caka comweco anamwalira ndi matenda a mtima m'cipatala cina ku Paris, ali ndi zaka 52. Thupi lake linatenthedwa, ndipo phulusa lake lisungidwa ku manda a Père Lachaise mu mzinda womwewo.

Ndakatulo zija zinagona zaka 38. Zinasindikizidwa m'caka ca 1998 m'buku lochedwa Haiku: This Other World, lokonzedwa ndi Yoshinobu Hakutani ndi Robert L. Tener, ndipo kuyambira pamenepo Wright awerengedwa pakati pa olemba haiku odziwika a m'Cingelezi. Makolo ananenadi zoona kuti mau a akulu akoma akagonera.

Tsono inu aphunzitsi ndi ana a sukulu a ku Zemba ndi midzi yozungulira, amene mumayesa kulemba m'Cingelezi kapena m'Cinyanja, musamati kumudzi kulibe colemba. Wright anayenda ku Chicago, ku Paris, ku Accra ndi ku Bandung, koma pamene mphamvu zinamthera, cuma cimene anapeza m'thumba mwake cinali munda wa thonje umene anauona ali mwana. Cimene iye anacita kukumbukira ali kutali, inu mumaciona m'mawa uliwonse potuluka m'nyumba. Zala zowerengera maphatikizo muli nazo.