Maurice Stokes: chimphona cha basiketi chimene chinagwa chili ndi zaka 24

Ku Etatara, ku Ngauma ndi ku Mandimba, munthu akatchula mpira aliyense amaganiza za mpira wa miyendo. Mpira wa basiketi, umene pa Chipwitikizi amati basquetebol, ambiri amangowumva pa wailesi kapena kuwuona pa sukulu za m'tauni monga ku Cuamba ndi ku Lichinga. Komatu dziko la Mozambique si lachilendo pa masewera amenewa. Mayi Clarisse Machanguana a ku Maputo anafika mpaka ku America, kumene mu 1999 analowa timu ya Los Angeles Sparks. Nkhani ya lero ndi ya mnyamata wina wa ku America komweko, malemu Maurice Stokes, amene anasewera zaka zitatu zokha koma dzina lake silinazimirike.

Kwa amene sanaonepo masewerawa: mbali iliyonse imakhala ndi anthu asanu. Mpira amaugwira ndi manja, ndipo amauponya kuti ulowe m'mkombero wachitsulo wopachikidwa pamwamba, mamita 3 ndi pang'ono kuchokera pansi. Mpira ukaphonya n'kugunda chitsulocho umabwerera, ndipo osewera amalimbirana kuutola. Amene watola mpira wobwererawo wapatsa timu yake mwayi wina. Apa ndi pamene Stokes anaposa anzake onse a nthawi yake.

Iye anabadwa pa 17 Juni 1933 ku Rankin, kufupi ndi mzinda wa Pittsburgh m'chigawo cha Pennsylvania. Anabadwa mapasa ndi mlongo wake. Bambo ake ankagwira ntchito m'fakitale yosungunula zitsulo, mayi ake ankagwira ntchito m'nyumba za anthu. Linali banja la anthu akuda, losauka, m'zaka zimene tsankho linali lololedwa ndi malamulo m'madera ambiri a dzikolo. Ali mwana, banjali linasamukira ku Homewood mumzinda wa Pittsburgh, ndipo anakalowa sukulu ya sekondale ya Westinghouse. Pa sukulu yomweyi panaphunziranso Chuck Cooper, mmodzi mwa anthu akuda oyamba kulowa m'bungwe lalikulu la basiketi la NBA mu 1950. Stokes sanayambe ndi kutchuka ayi. Zaka zoyamba ankakhala pa benchi kudikira. Koma mu 1950 ndi mu 1951 timu ya sukuluyi inatenga chikho cha mzinda wonse, iye ali m'kati.

Atamaliza sekondale anapita ku Saint Francis, koleji yaing'ono ya ansembe a Chifransisko ku Loretto, mudzi wa kumapiri. Koleji imeneyi inalibe mbiri pa masewera, ndipo ndi Stokes amene anaitchukitsa. Mu 1955 anaifikitsa ku mpikisano waukulu wa makoleji ku New York. Pa masewera a ndime yachiwiri kwa yomaliza, polimbana ndi Dayton, iye yekha anagoletsa mapointi 43, komabe timu yake inagonja. Saint Francis inathera pa nambala 4, koma oweruza anasankha Stokes kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisanowo. Sizichitika kawirikawiri kuti mphoto yotere ipite kwa munthu wa timu yogonja.

Chaka chomwecho timu ya Rochester Royals inamutenga. Pa anyamata onse amene matimu a NBA anasankha mwa ndondomeko chaka chimenecho, iye anali wachiwiri. Timu yomweyo inatenganso mnyamata wina wa ku Pittsburgh, mzungu, dzina lake Jack Twyman. Dzina limeneli mulisunge.

Stokes anali wamtali mamita 2 ndi kachidutswa, thupi lake lolemera makilo oposa 100. Munthu wotere pakhomo la nyumba ya kumudzi kuno sangalowe osawerama. Anthu ankayembekeza kuti chimphona chotere chizingoima pansi pa mkombero kudikira mpira, monga ankachitira anthu aatali nthawi imeneyo. Iye ayi. Ankatola mpira wobwerera, n'kuthamanga nawo yekha bwalo lonse, n'kupatsira mnzake pa malo abwino ngati mmene amachitira osewera aafupi ndi opepuka. Pa masewera ake oyamba enieni, polimbana ndi New York Knicks, anagoletsa mapointi 32, kutola mipira yobwerera 20, ndi kupatsira anzake mipira 8 imene anagoletsa. Tsiku lina chaka chomwecho anatola mipira yobwerera 38 pa masewera amodzi. Pakutha pa nyengo anamusankha kukhala wopambana mwa osewera atsopano.

Chaka chachiwiri anatola mipira yobwerera 1,256, ndipo panalibe munthu amene anafikapo pamenepo m'mbiri ya NBA kufikira nthawi imeneyo. Mu 1957 timu inasamukira ku Cincinnati m'chigawo cha Ohio. Chaka chachitatu anapitirira ndithu. Zaka zonse zitatu anasankhidwa kukasewera pa masewera a akatswiri okhaokha. Pamodzi anasewera masewera 202.

Pa 12 Malichi 1958 timu yake inali ku Minneapolis kusewera ndi Lakers. Anali masewera omaliza a nyengo, asanalowe mpikisano wa chikho. Stokes anadumpha kulunjika ku mkombero, anawombana ndi mnzake m'mwamba, nagwa n'kumenyetsa mutu pansi. Anakomoka. Anthu a timu anamununkhiza mankhwala ofwenthetsa kuti atsitsimuke, ndipo atadzuka anamubwezera m'bwalo. Anamaliza masewerawo ndi mapointi 24. Aliyense anaona ngati zatha.

Apa pali chinthu chimene madokotala a lero amachidziwa bwino, chimene anthu a masewera nthawi imeneyo sankachilabadira. Munthu akamenyetsa mutu n'kukomoka, kudzuka kwake sikutanthauza kuti wachira. Ubongo ukhoza kumatupa kapena kukha magazi pang'onopang'ono m'kati, munthu akuyenda ndi kulankhula bwinobwino, vuto n'kudzaonekera patapita maola kapena masiku. Zimachitika pa bwalo la mpira, zimachitikanso kwa wa njinga yamoto amene wagwa pa msewu wa Cuamba ndi Mandimba, n'kudzisasa fumbi, n'kupitiriza ulendo. Kupweteka kwa mutu kosaleka, kusanza, kuwodzera kwachilendo ndi kusokonezeka maganizo pambuyo pa kugwa ndi zizindikiro zofunika chipatala msanga. Masiku ano malamulo a NBA salola wosewera amene wavulala mutu chotere kubwerera m'bwalo tsiku lomwelo. Mu 1958 lamulo limeneli kunalibe.

Patapita masiku atatu, pa 15 Malichi, Stokes anaseweranso ku Detroit. Anaoneka wolemera thupi, koma anagoletsabe mapointi 12 ndi kutola mipira 15. Pobwerera ku Cincinnati, ali m'ndege, anadwala mwadzidzidzi. Anatuluka thukuta thupi lonse, anayamba kuphupha, kenaka anakomoka. Ndege itatera anathamangira naye ku chipatala cha St. Elizabeth ku Covington, tsidya lina la mtsinje wa Ohio. Poyamba madokotala anaganiza kuti ndi matenda otupitsa ubongo obwera ndi tizilombo. Pambuyo pake zinadziwika kuti gwero lake linali kugwa kuja kwa ku Minneapolis, kumene kunaononga mbali ya ubongo yoyendetsa ziwalo.

Anakhala chikomokere masabata angapo. Atatsitsimuka, manja ndi miyendo zinali zitafa, pakamwa posatha kutulutsa mawu. Nzeru zokha zinali zonse. Ankamva chilichonse, ankazindikira aliyense, koma chimene akanatha kuchita ndi kuphethira basi. Anali ndi zaka 24.

Nthawi imeneyo osewera a NBA analibe penshoni. Nyengo ya masewera inali itatha, anzake anabalalika kupita kwawo, ndipo m'masiku omwewo timu inagulitsidwa kwa eni ena. Makolo ake anali ku Pittsburgh, mtunda woposa wa Cuamba kukafika ku Lichinga, ndipo analibe ndalama zolipirira chipatala chimene chinkafunika usana ndi usiku kwa moyo wake wonse. Ku banki Stokes anali ndi madola pafupifupi 9,000, koma sakanatha kulemba dzina lake kuti awatape. Mabanja a kuno amene abale awo anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a kunja, n'kubwerako olumala chimanjamanja, nkhani yotere akuidziwa.

Wosewera amene ankakhala ku Cincinnati chaka chonse anali Jack Twyman uja. Iye anali ndi zaka 23, wokwatira, wa ana aang'ono. Awiriwa sanali pachibale, ndipo ngakhale ankagwirizana ngati anthu a timu imodzi ndi a mzinda umodzi, panalibe chimene chinkamukakamiza. Twyman anapita ku khoti napempha kuti akhale womuyang'anira Stokes mwalamulo, ndipo khoti linavomera. Kenaka anakadandaula ku boma la Ohio kuti mnzakeyo anavulala ali pa ntchito, choncho ayenera kulandira chipukutamisozi ngati wantchito wina aliyense. Mlanduwo anapambana. Ichi mwina ndicho chinthu chachikulu koposa pa zonse zimene anachita, ngakhale anthu amakonda kukumbukira zina zokoma kumva.

Ndalamazo sizinakwanebe. Mu 1958 Twyman anakonza masewera apadera opezera ndalama. Oyambawo anapeza madola pafupifupi 10,000. Masewerawa anakhala a chaka ndi chaka ku hotela ya Milton Kutsher ku Monticello m'chigawo cha New York, ndipo akatswiri monga Wilt Chamberlain ankabwera kudzasewera osalandira kanthu. M'zaka za pambuyo ndalama zake zinathandizanso osewera ena akale amene anagwa m'mavuto.

Za kulankhulana, Twyman anapeza njira. Ankakhala pambali pa bedi n'kumatchula zilembo chimodzichimodzi, Stokes n'kuphethira akafika pa chilembo chimene akufuna. Liwu limodzi linkatenga nthawi yaitali. Pang'ono ndi pang'ono, ndi mafizo owawa a tsiku ndi tsiku, Stokes anayamba kugwedeza zala, kutulutsa mawu ena ovuta kumva, kulemba pa makina otayipira, ngakhale kuumba ndi kujambula. Anafika poima ndi kuponda mapazi ochepa atamangidwa zitsulo m'miyendo. Uthenga woyamba umene anatayipa unali wothokoza Twyman. Masiku ena a Sabata ankamutenga pa njinga ya olumala kukadya ku nyumba ya banja la Twyman. Zimenezi zinayamba malamulo a 1964 othetsa tsankho asanakhazikitsidwe, pamene m'madera ena a America wakuda ndi mzungu sankaloledwa kudyera malo amodzi.

Timu ya Royals inavutika kwambiri Stokes atachoka. Nyengo yotsatira inapambana masewera 19 okha, n'kugonja 53. Twyman yekha ndiye anakwera, ndipo mu nyengo ya 1959 mpaka 1960 ankagoletsa mapointi oposa 31 pa masewera alionse. Penshoni ya osewera inabwera pambuyo pa 1964, pamene akatswiri anaopseza kuti sakalowa m'bwalo ku Boston eni matimu akapanda kuvomera.

Stokes anakhala m'chipatala zaka 12. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 6 Epulo 1970 ku Cincinnati, ali ndi zaka 36. Monga anapemphera yekha, anakamuika ku Loretto, pa manda a ansembe a koleji yake ya Saint Francis. Mu 1973 kunatuluka kanema wa moyo wake wotchedwa Maurie. Mu 2004 dzina lake linalembedwa m'nyumba ya ulemu ya basiketi ku Springfield, ndipo amene anakalandira ulemuwo m'malo mwake anali Twyman, amene anamenyera zimenezi zaka zambiri. Twyman anamwalira mu 2012. Chaka chotsatira NBA inakhazikitsa mphoto ya wosewera wosamala anzake koposa, naipatsa maina a awiriwa. Timu ya Royals lero ndi Sacramento Kings, ndipo nambala 12 imene Stokes ankavala sipatsidwanso kwa wosewera wina.