Bambo Musa Banani ndi Mayi Samihih: Zaka 20 za Utumiki ku Kampala

Sabata ino tiwerenga mbiri ya Bambo Musa Banani, Dzanja la Chipembedzo cha Mulungu, ndi akazi awo, Mayi Samihih. Tasankha mbiri imeneyi chifukwa cha zimene tikuziona m'magulu athu kuno ku Salima. Akuluakulu ena amabwera kumaphunziro kawiri kapena katatu, kenaka n'kusiya. Tikawayendera amatiuza kuti maso anayamba kuchita chidima, kapena kuti sukulu sanapite nayo patali, ndiye mabuku awa angowasiyira achinyamata. Bambo Banani sanapeze mwayi wa sukulu, Chingerezi sankachidziwa, ndipo anafika mu Africa ali ndi zaka 65. Komabe Shoghi Effendi, Mtetezi wa Chipembedzo, anawatcha mgonjetsi wauzimu wa Africa. Tiyeni tione kumene anachokera ndi zimene iwo ndi akazi awo ankachita tsiku ndi tsiku.

Mwana wamasiye wa ku Baghdad

Bambo Banani anabadwa m'chaka cha 1886 mumzinda wa Baghdad, m'banja la Chiyuda. Bambo awo anamwalira iwo ali ndi zaka zinayi, ndipo pakhomo panagwa umphawi wadzaoneni. Amene ankawayang'anira anali achimwene awo. Ali ndi zaka pafupifupi 12 anachoka kwawo kupita ku Persia, dziko limene lero timalitcha Iran, kukafuna podyera. Nthawi ya sukulu panalibe. Mpaka imfa yawo, Chiperisi ndi Chiarabu ankazilemba ndi kuziwerenga m'zilembo za Chiheberi zokha, zimene anaphunzitsidwa ali wamng'ono. Chimene anachidziwa bwino ndi malonda, ndipo pang'ono ndi pang'ono anayamba kupeza bwino.

Achimwene awo aja anamva uthenga wa Bahá'u'lláh ku Persia komweko n'kuulandira, koma a Musa analibe nazo chidwi za chipembedzo. Mtima wawo unali pa geni.

Zimene zinachitika m'ndende

M'chaka cha 1911 a Musa ankachita malonda mumzinda wa Kirmanshah. Kumeneko kunafika aphunzitsi awiri a Chibahá'í, a Fádil Mázandarání ndi a Siyyid 'Abdu'l-Husayn Ardistání, ndipo anajambulitsa chithunzi pamodzi ndi okhulupirira a mumzindawo. Pachithunzipo panalinso achimwene a a Musa. Posakhalitsa akuluakulu a boma anatenga chithunzicho n'kuyamba kusaka aliyense amene anali pamenepo kuti amukakamize kukana chikhulupiriro chake. Popeza abale awiriwa ankafanana nkhope, amene anagwidwa anali a Musa.

M'ndendemo anapezamo nkhalamba ina yofooka thupi, dzina lake a Abrár. Anaizunza koopsa, koma inakanitsitsa kusiya chikhulupiriro chake. A Musa sanavutike nazo. Anangouza olondera kuti iwo sanali M'bahá'í, ananyoza Chipembedzocho, ndipo anamasulidwa. Thupi linatuluka m'ndende, koma mtima sunapeze mtendere. Ankadzifunsa kuti ananyozeranji chinthu chimene sankachidziwa n'komwe, pamene nkhalamba ija inalolera kukwapulidwa chifukwa cha chinthu chomwecho. Anayamba kufufuza ndi kufunsa, ndipo mapeto ake anakhulupirira Bahá'u'lláh.

Apa tiyenera kuima pang'ono. Munthu amene pambuyo pake anadzakhala Dzanja la Chipembedzo anayamba ndi kukana. Chimene chinawasintha si ulaliki wa munthu wophunzira, koma kupirira kwa nkhalamba imene sinawaphunzitse ndi mawu.

Banja ndi malo oyera

Atamva chiphunzitso chakuti ana onse, makamaka atsikana, ayenera kuphunzira, a Musa anatsimikiza kukwatira mkazi wa Chibahá'í kuti ana awo adzaleredwe m'ziphunzitso zimenezi. M'chaka cha 1925 anakwatira a Samihih, ndipo chodabwitsa n'chakuti apongozi awo anali a Siyyid 'Abdu'l-Husayn Ardistání omwe aja a pachithunzi. Mulungu anawadalitsa ndi ana 6. Sukulu imene bambo anaisowa, ana anaipeza: mwana wawo Amin anadzakhala mphunzitsi wa payunivesite ku America.

M'chaka cha 1934 Bambo Banani anapita kukayendera malo oyera ku Haifa ndi ku 'Akká, ndipo anakhala masiku 26 pafupi ndi Shoghi Effendi. Mtetezi anauza alendo ena kuti munthu ameneyu payekha anali wofanana ndi anthu chikwi. Atabwerera ku Persia anapatsidwa ntchito yoyenerana ndi luso lawo. Anali m'komiti yofufuza ndi kugula malo a mbiri ya Chipembedzo. Kudziwa mtengo wa nyumba, kukambirana ndi eni ake modekha, kudikira nthawi yoyenera, zonsezi anazidziwira pamsika. Ntchito yaikulu ya komitiyo inali kugula ndi kukonzanso nyumba imene Bahá'u'lláh anabadwiramo mumzinda wa Tehran.

Kusiya chuma, kupita ku Africa

M'chaka cha 1950 Shoghi Effendi anapempha okhulupirira kuti ena asamukire ku Africa monga apainiya, ndiko kuti anthu osiya kwawo n'kukakhazikika kumene uthenga sunafike, akudzidyetsa okha. Pa nthawiyo Bambo Banani anali munthu wachuma ndiponso wachikulire, woyenera kukhala pansi n'kumasewera ndi zidzukulu. M'malo mwake anatseka malonda awo onse. Mu Ogasiti 1951 anafika ku Kampala, m'dziko la Uganda, pamodzi ndi Mayi Samihih, mwana wawo Violette, mkamwini wawo 'Alí Nakhjavání ndi kamdzukulu Bahiyyih. Mpainiya wina wa ku England, Philip Hainsworth, anali nawo limodzi.

Anakhazikika m'nyumba ya pa msewu wa Kitante, ndipo nyumba imeneyi ndiyo inakhala mtima wa ntchito yonse.

Tsiku la pakhomo pa a Banani

Tikumbukire kuti inali nthawi ya atsamunda. Azungu, Amwenye ndi anthu akuda ankakhala m'madera osiyana, ndipo sichinali chizolowezi kuti munthu wakuda alowe pakhomo la kutsogolo la mlendo wachuma n'kudya naye patebulo limodzi. Kwa a Banani zimenezi kunalibe. Amene wabwera kudzafunsa za Chipembedzo ankalandiridwa monga mlendo wolemekezeka.

Ntchito inali yogawana. A 'Alí Nakhjavání ndi a Hainsworth, amene ankadziwa Chingerezi, ndiwo ankafotokoza ziphunzitso ndi kuyankha mafunso. Mayi Samihih ankaonetsetsa kuti alendo alandiridwa ndipo adya, pakhomo pamene anthu sankatha phazi, m'dziko limene chilankhulo chake, zakudya zake ndi msika wake zinali zachilendo kwa iwo. Bambo Banani, osatha kulankhula ndi alendowo popanda womasulira, ankawalandira ndi nkhope yachikondi, ankawapempherera, ndipo ankapereka chuma chawo kuti aphunzitsi ayende. Palibe mmodzi mwa iwo amene akanatha kuchita zonsezi yekha. Mutu umodzi susenza denga.

Zipatso sizinachedwe. Mu Disembala 1951 anthu awiri oyamba a ku Uganda, a Fred Bigabwa ndi a Crispin Kajubi, analandira Chipembedzo. Kuchiyambi kwa 1952 Bambo ndi Mayi Banani anapitanso ku malo oyera, ndipo anagwirizana ndi otsala ku Kampala kuti achite msonkhano pa nthawi imene Mtetezi amapita kukapemphera ku manda oyera. Pamsonkhanowo panali mnyamata wa mtundu wa Ateso, Enoch Olinga, amene pa nthawiyo anali womangidwa ndi mowa. M'mawa mwake anabweretsa kalata yopempha kuti alandiridwe monga wokhulupirira, ndipo mowa anausiyira pomwepo. Mu Epulo chaka chomwecho ku Kampala kunakhazikitsidwa Bungwe Lauzimu loyamba. Mu 1953 a 'Alí ndi a Violette ananyamula a Olinga pagalimoto kudutsa pakati pa Africa mpaka ku Cameroon, kumene anakayambitsa ntchito ya Chipembedzo, ndipo mu 1957 iwonso anasankhidwa kukhala Dzanja la Chipembedzo.

Udindo umene sanaufune

Ali ku Haifa pa ulendo wa 1952 uja, Shoghi Effendi anauza Bambo Banani kuti wawasankha kukhala Dzanja la Chipembedzo cha Mulungu. Chilengezo chinatuluka pa 29 Febuluwale 1952. Iwo sanakondwe monga wolandira mphoto. Anadandaula kuti ndi munthu wosaphunzira ndi wosayenera, ndipo anapempha kuti udindowo upatsidwe kwa wina wodziwa zambiri. Mtetezi sanasinthe maganizo.

Kuyambira pamenepo ntchito inakula. Mu Febuluwale 1953 ku Kampala kunachitika msonkhano waukulu wa Abahá'í ochokera m'maiko osiyanasiyana, woyamba mwa misonkhano inayi ya chaka chimenecho. Mu 1954 Bambo Banani anasankha anthu 9 oti aziwathandiza kuyendera okhulupirira mu Africa monse, ndipo awiri mwa iwo, a William Sears ndi a John Robarts, anadzakhalanso Manja a Chipembedzo. Makalata ankachokera kutali, kwa apainiya amene anali okhaokha m'maiko achilendo, ena atasowa ntchito, ena atakhumudwa. Ena ankawawerengera ndi kuwalembera mayankho, koma uphungu ndi chilimbikitso zinkachokera kwa iwo.

Chaka chomwecho cha 1954 Mtetezi anatumiza uthenga wakuti pagulidwe malo a Nyumba Yopembedzeramo. Bambo Banani anali atangochitidwa opaleshoni ya maso, koma sanadikire kuti achire. Anadzuka n'kuyamba kufufuza malo, monga ankachitira ku Tehran. Mu 1955 Abahá'í a ku Iran anazunzidwa kwambiri, moti Nyumba Yopembedzeramo imene inayenera kumangidwa ku Tehran sinatheke, ndipo Shoghi Effendi analamula kuti imangidwe ya ku Kampala. Iye anamwalira mu Novembala 1957 asanaione. Mu Januwale 1958 mkazi wake, Amatu'l-Bahá Rúhíyyih Khánum, pamodzi ndi Bambo Banani, anaika mwala wa maziko pa phiri la Kikaaya. Nyumbayo, ya makomo 9, inatsegulidwa mu Januwale 1961, ndipo ndi yoyamba mu Africa.

Zaka za matenda

Zaka zomaliza zinali zowawa. Bambo Banani anadwala matenda opha ziwalo ndipo mbali imodzi ya thupi inaleka kugwira ntchito. Mwendo umodzi anaudula kuchipatala, ndipo diso limodzi linasiya kuona. Mu 1963 a 'Alí Nakhjavání anasankhidwa kukhala m'Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse, ndipo iwo ndi a Violette anali atapita kukakhala ku Haifa. Nkhalamba ziwirizi zikanatha kutsatira ana awo kumaiko a zipatala zabwino, ndipo palibe akanazinena. Koma zinatsala ku Kampala.

Amene anasamalapo wodwala wosatha kuyenda akudziwa katundu amene Mayi Samihih anasenza: kudzutsa, kudyetsa, kugoneka, chaka ndi chaka, uku alendo akubwerabe. Pakuti anthu sanasiye kubwera. Okhulupirira a m'midzi ya ku Uganda, apainiya ndi alendo a kutali ankafika kudzakhala nawo pansi, ndipo ankabwerera atalimba mtima. Bambo Banani sankathanso kuyenda maulendo, koma tsiku lililonse ankapempherera amene anali paulendo ndi pa ntchito. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pakhomo pawo pankathera nkhawa za anthu ambiri.

Anamwalira pa 4 Seputembala 1971 ali ndi zaka 85, atakhala ku Kampala zaka 20. Anaikidwa pa phiri la Kikaaya, pafupi ndi Nyumba Yopembedzeramo.

Mmene mbiriyi ikutikhudzira

Dziko lathu linali m'manja mwawo monga Dzanja la Chipembedzo mu Africa. Mpainiya wina, a Enayat Sohaili, anafika ku Nyasaland mu 1953, ndipo Bungwe Lauzimu la dziko la Malawi linakhazikitsidwa mu 1970, Bambo Banani akadali moyo. Mu 1972 Rúhíyyih Khánum anayendera Malawi pa ulendo wake wautali wa mu Africa, ndipo amene ankayenda naye anali a Violette, mwana wa a Banani.

Kuno kunyanja timadziwa kuti usipa sufika pamsika ndi mphamvu ya opalasa okha. Pali wosoka ukonde, pali woyanika pathandala, pali gogo wodziwa kuona mitambo n'kunena kuti mwera ukubwera, lero musalowe. Gulu la maphunziro ndi chimodzimodzi. Wachinyamata atha kuwerenga mokweza, koma pafunika wina wotsegula khomo lake, woyala mphasa, woitana anansi amene amamulemekeza, kaya ndi Asilamu kaya ndi Akhristu, ndi wopempherera ana a m'kalasi la ana. Ife otsogolera magulu tili ndi mbali yathu: tiziwerenga pang'onopang'ono, tizifunsa akuluakulu maganizo awo ndi kudikira yankho, ndipo ngati gogo sangathe kuyenda, gulu lipite kukakumana pakhonde pawo.

Mafunso okambirana

1. N'chiyani chimene a Musa anaona mwa nkhalamba ya m'ndende chimene sichinawapatse mtendere?
2. Tchulani ntchito zimene Bambo Banani ankachita ndi zimene Mayi Samihih ankachita. Ndi ziti mwa izo zimene zimafuna kudziwa kuwerenga?
3. Chifukwa chiyani awiriwa sanachoke ku Kampala matenda atakula?
4. Ndi akuluakulu ati m'mudzi mwathu amene anasiya kubwera? Ndani awayendere sabata ino, ndipo akawapemphe kuti atithandize pa chiyani?