MBIRI YA TENZING NORGAY, MTENGATENGA AMENE ADAFIKA PANSONGA PA EVEREST

Mwa mapiri onse a pa dziko lino lapansi palibe lina loposa msinkhu phiri la Everest, limene liri m'malire a Nepal ndi Tibet, ndipo kutalika kwake ndi mamita 8,849. Masiku ano anthu achuma ochokera ku Europe, ku America ndi ku Japan amapita kukayenda m'tsinde mwake mongosangalala: usana ayenda chimanjamanja atasenzetsa ena katundu wao, usiku nagona m'nyumba za alendo zofunda bwino. Koma njira imene iwo apondamo idalambulidwa ndi anthu osauka a mtundu wa Asherpa, ndipo wodziwika koposa mwa iwo ndiye Tenzing Norgay. Nayi tsono mbiri yake.

MTUNDU WAKE NDI UBWANA WAKE

Dzina lakuti Sherpa litanthauza munthu wa kum'mawa, pakuti makolo a anthuwa adachokera ku Kham, kum'mawa kwa Tibet, zaka ngati 500 zapitazo, nadzamanga midzi yao m'zigwa za Khumbu. Dziko lao ndi lamiyala ndi lachisanu choopsa. Amalima mbatata yakachewere ndi barele, amaweta ng'ombe zaubweya wautali zotchedwa yak, ndipo kale ankaoloka mpata wa Nangpa La kukagula mchere ku Tibet. Chipembedzo chao ndi cha Chibuda. Kawirikawiri mwana amamutcha dzina la tsiku limene wabadwa: Nima ndiye wa Lamulungu, Dawa wa Lolemba, Mingma wa Lachiwiri, Pasang wa Lachisanu. Phiri lalikululo amalitcha Chomolungma, ndipo amaliopa ngati malo oyera. Azungu asanafike, iwo analibe mwambo wokwera pansonga za mapiri.

Tenzing adabadwa m'chaka cha 1914, mwana wa 11 mwa ana 13 a bambo Mingma, woweta yak, ndi mai Kinzom. Poyamba dzina lake linali Namgyal Wangdi, koma mkulu wa amonke a ku Rongbuk adalangiza makolo ake kuti alisinthe, ndipo adamutcha Tenzing Norgay, ndiye kuti wotsata chipembedzo wamwai ndi wachuma. Adakulira cha ku mudzi wa Thame, akubusa ziweto m'mapiri. Makolo adamutumiza kuti akakhale mmonke, koma moyo umenewo sudamukomere, nabwerako. Ku sukulu sadapiteko konse, kotero kuti mpaka imfa yake sadadziwe kuwerenga kapena kulemba, ngakhale kuti ankalankhula zilankhulo zingapo.

Asanakwanitse zaka 20 adachoka kwao napita ku Darjeeling, mzinda wa minda ya tii kumpoto kwa India. Pa nthawi imeneyo mafumu a Nepal sankalola alendo kulowa m'dziko mwao, chifukwa chake maulendo onse a ku Everest ankayambira ku Darjeeling nazungulira ku Tibet. Anyamata ambiri achisherpa ankasonkhana kumeneko kufuna ntchito ya mtengatenga, ntchito ya malipiro ochepa ndi zoopsa zambiri: m'chaka cha 1922 amtengatenga 7 adafera pa Everest, chipale chitagumuka ndi kuwakwirira.

ZAKA ZA KUSENZA KATUNDU

Mwai wake woyamba udadza mu 1935, pamene Mngerezi Eric Shipton adamulemba ntchito pa ulendo wokazonda phirilo. Adapitanso ndi Angerezi mu 1936 ndi mu 1938, ndipo pa ulendo wachitatuwu adasenza katundu kufikira pa mamita 8,290, nalandira mendulo ya Tiger imene bungwe la Himalayan Club linkapereka kwa amtengatenga olimba koposa. Tizindikire kuti pa msinkhu wotere mpweya umachepa kwambiri. Pansonga penipeni munthu akakoka mpweya amangopeza limodzi mwa magawo atatu a okosijeni amene akadapeza ali m'mphepete mwa nyanja. Mutu umawawa, chakudya sichilowa, ndipo phazi lirilonse lifuna kupumira.

Nkhondo yaikulu yachiwiri itabuka, maulendo a kumapiri adaima, ndipo Tenzing adakagwira ntchito kwa asilikali ku Chitral, dera limene lero liri m'dziko la Pakistan. Zimenezo zinali zaka za misozi. Mwana wake wamwamuna, Nima Dorje, adamwalira ali ndi zaka 4, ndipo mu 1944 mkazi wake Dawa Phuti adatsikira kulichete, namusiyira ana akazi awiri, Pem Pem ndi Nima. Atabwerera ku Darjeeling adakwatira Ang Lahmu, mai wamtima wolimba amene adalera anawo ngati ake.

Mu 1947 adatsagana ndi Earl Denman, munthu wa ku Canada amene adalowa m'Tibet mozemba kuti akayese Everest, koma mphepo ndi kusowa kwa zipangizo zidawabweza. Chaka chomwecho, pa ulendo wa anthu a ku Switzerland ku phiri la Kedarnath, kapitao wa amtengatenga Wangdi Norbu adavulala, ndipo Tenzing adalowa m'malo mwake. Kapitao wotere amatchedwa sirdar, ndipo udindo wake ndi waukulu: ndiye alemba anthu ntchito, agawa mitolo, aweruza milandu ya pa ulendo, naima pakati pa olemba ntchito ndi olembedwa. Mu 1948 adaperekeza katswiri wa ku Italy, Giuseppe Tucci, mpaka ku Lhasa.

Nepal itatsekula zipata zake, anthu adayamba kuyesa phirilo kuchokera kumwera, kudzera m'dziko la Asherpa lomwe. Mu 1952 a ku Switzerland adapita kawiri, ndipo adachita chinthu chachilendo: adamuyesa Tenzing mnzao wokwera naye phiri, osati wantchito chabe. Iye ndi Raymond Lambert adagona usiku wathunthu m'kahema pa mamita ngati 8,400, opanda zofunda ndi chophikira chomwe, akusungunula chipale pa kandulo kuti apeze madzi. M'mawa mwake, pa 28 May, adakwawa kufikira pa mamita ngati 8,595, pamene padali pasanafike munthu wina aliyense wodziwika, nabwerera mphamvu zitatha. Ubwenzi wa anthu awiriwa udakhala mpaka imfa.

ULENDO WA 1953

Pamene Angerezi adamuitana mu 1953, Tenzing anali atangodzuka ku matenda, koma adavomera, ndipo uwu unali ulendo wake wa 7 pa Everest. Mtsogoleri anali Colonel John Hunt, ndipo amtengatenga ngati 350 adasenza katundu kuchokera ku Kathmandu. Chiyambi chidali chowawa, pakuti Azungu adagona m'nyumba ya kazembe wa Britain pamene Asherpa adawagoneka pansi m'garaja. Iwo adakwiya, ndipo ntchito yoziziritsa mitima idagwera Tenzing, amene anali wa mbali zonse ziwiri.

M'gululo mudali Edmund Hillary, mlimi wa njuchi wa ku New Zealand. Tsiku lina akutsika pa mtsinje wa madzi oundana wa Khumbu, Hillary adagwera m'phompho. Tenzing, amene adamangidwa naye chingwe chimodzi, adakhomera nkhwangwa yake pansi msanga nakoka chingwecho, napulumutsa mnzakeyo. Kuyambira pamenepo awiriwa adakhulupirirana.

Pa 26 May Tom Bourdillon ndi Charles Evans adafika pa nsonga yakumwera, nabwerera chifukwa cha kutopa ndi kuvuta kwa zipangizo za mpweya. Pa 28 May anzao adathandiza Hillary ndi Tenzing kusenza katundu mpaka pa mamita ngati 8,500, nawasiya awiriwiri. M'mamawa pa 29 May adanyamuka, mabotolo a okosijeni ali kumsana, nakwera thanthwe lotalika mamita ngati 12 limene pambuyo pake lidatchedwa dzina la Hillary, ndipo nthawi ya 11.30 adaima pansonga. Tenzing adavala m'khosi mpango wofiira wa bwenzi lake Lambert. Adatukula nkhwangwa yake, pamene adamangirirapo mbendera za United Nations, Britain, Nepal ndi India, ndipo Hillary adamjambula chithunzi. Pambuyo pake Tenzing adakwirira m'chipale maswiti ndi kapensulo ka mwana wake Nima ngati nsembe monga mwa chipembedzo chake, ndipo Hillary adaika pambali pake kamtanda kamene Hunt adampatsa. Adakhalapo mphindi 15 zokha, natsika.

KULEMERA KWA ULEMU

Mbiriyi idamveka ku London pa 2 June, tsiku lomwe Mfumukazi Elizabeth II adavekedwa chisoti chaufumu. Hunt ndi Hillary adapatsidwa ulemu wa Sir. Tenzing adalandira George Medal. Koma walira mvula walira matope: kutchuka kudadza ndi mabvuto ake. A ku Nepal adati ngwao, a ku India adatinso ngwao, ndipo pa njira ya ku Kathmandu anthu adamuumiriza kusaina mapepala amene iye sadathe kuwawerenga, onena kuti ndiye adayamba kufika pansonga, Hillary ali m'mbuyo. Anthu a ku Asia, amene anali atangomasuka kumene ku ulamuliro wa Azungu, ankafunitsitsa kuti zikhale choncho.

Pano ndipo paoneka ukulu wa munthuyu. Akadangokhala chete, anthu a kwao akadamtama koposa. Koma mu 1955, m'buku la mbiri yake limene adafotokozera mlembi James Ramsey Ullman, adanena poyera kuti Hillary ndiye adayamba kuponda pansonga, iye natsatira pambuyo. Adasankha zoona ngakhale zidamchepetsa pamaso pa ena. Ndipo tikaganiza bwino, anthu awiri omangidwa chingwe chimodzi alibe woyamba ndi wotsiriza, pakuti mmodzi akaterereka moyo wake uli m'manja mwa mnzake.

Nduna yaikulu ya India, Jawaharlal Nehru, idamkonda kwambiri, ndipo mu 1954 idakhazikitsa ku Darjeeling sukulu yophunzitsa kukwera mapiri, Himalayan Mountaineering Institute. Tenzing adakhala mkulu wa maphunziro a kumapiri pa sukuluyo kufikira 1976, ndipo mu 1959 boma la India lidampatsa ulemu wa Padma Bhushan. Adakwatiranso mkazi wina, Dakku, Ang Lahmu akali moyo, monga mwambo wa kwao unkalolera. Mwana wao Jamling adafika pansonga pa Everest mu 1996.

M'MENE ULENDO WA ALENDO UDAYAMBIRA

Kupambana kwa 1953 kudasintha dziko la Asherpa. Hillary, pofuna kubweza zabwino, adamanga sukulu ku Khumjung mu 1961, bwalo la ndege ku Lukla mu 1964, ndi chipatala ku Khunde mu 1966. Mu 1964 Colonel Jimmy Roberts adayambitsa kampani ya Mountain Travel, yotenga anthu wamba kukayenda m'mapiri mothandizidwa ndi Asherpa. Mu 1971 Takashi Miyahara wa ku Japan adatsekula Hotel Everest View pa mamita 3,880, kumene mlendo amaona phirilo ali pakhonde. Mu 1976 dera lonselo lidasanduka malo otetezedwa a Sagarmatha National Park. Tenzing nayenso adalowa m'ntchito imeneyi: mu 1975 adatsogolera gulu loyamba la alendo a ku America lololedwa kulowa m'dziko la Bhutan, ndipo mu 1978 adakhazikitsa kampani yakeyake ya maulendo.

Lero mlendo amatera pa ndege ku Lukla, pa bwalo limene kuyambira 2008 litchedwa Tenzing-Hillary. Amakwera ku Namche Bazaar pa mamita 3,440, napumako masiku kuti thupi lizolowere, napitirira ku nyumba ya amonke ya Tengboche mpaka ku msasa wa patsinde pa mamita 5,364. Wokhala ndi ndalama amapeza chipinda chofunda, madzi otentha osamba ndi chakudya chabwino, ndipo ena amabwerera pa helikopita. Nyumba zambiri za alendozi eni ake ndi Asherpa, ndipo ana ao aphunzira, ena nakhala madokotala ndi oyendetsa ndege. Komabe mtolo sudathe. Ufa, palafini ndi matabwa zimakwerabe pamsana pa munthu, lamba ali pamphumi, ndipo ambiri mwa osenzawo tsopano ndi amphawi a mitundu ina, monga Arai ndi Atamang. Zoopsa nazo sizidathe: pa 18 April 2014 madzi oundana adagumuka pa Khumbu napha antchito 16 a ku Nepal amene ankakonzera alendo njira.

IMFA YAKE

Zaka zake zotsiriza zinali zachete, ndipo kawirikawiri ankasungulumwa. Adamwalira ku Darjeeling pa 9 May 1986 ali ndi zaka 71. Hillary, amene pa nthawiyo anali kazembe wa New Zealand ku India, adapita ku maliro ake. Mtembo wake udatenthedwa monga mwa mwambo wa Chibuda pa bwalo la sukulu imene adaitumikira zaka zoposa 20.

Tsono, awerengi athu, mbiri ya anthu kawirikawiri imasunga dzina la wolamula ulendo, niiwala la wosenza katundu. Tenzing Norgay, mbusa wa ziweto wosadziwa kuwerenga ndi kulemba, adachititsa kuti dziko lonse licheuke ndi kuona wosenzayo, ndipo adakana kugula ulemu ndi bodza. Iye amene agona pofunda m'nyumba za alendo za ku Khumbu ayenera kufunsa yemwe adakweza bulangeti lake paphiripo, ngati wadya, ngati ali ndi pogona, ndiponso ngati malipiro ake ndi oyenera thukuta lake.