Louis Braille, mnyamata amene adaphunzitsa zala kuwerenga

Munthu wosaona akakhala pa kompyuta masiku ano, pulogalamu monga JAWS kapena NVDA imamuwerengera mokweza zonse zolembedwa pa sikirini. Akadina batani la H pa tsamba la intaneti, amalumphira pa mutu wankhani wotsatira. Akadina Tab, amafika pa linki ina. Koma khutu silimuuza msanga momwe dzina lachilendo lalembedwera kapena pomwe pali mpumiro. Apa m'pamene ena amalumikiza kachipangizo kokhala ndi timisomali tomwe timatukuka ndi kutsika pansi pa zala. Malembo amene timisomalito timapanga adayambitsidwa zaka 200 zapitazo ndi mnyamata wa ku France, Louis Braille.

Braille adabadwa pa 4 Januwale 1809 m'mudzi wa Coupvray, makilomita pafupifupi 40 kum'mawa kwa mzinda wa Paris. Adali chitsirizira m'banja la ana anayi. Bambo ake, Simon-René, adali mmisiri wa zikopa, wosoka zishalo ndi zingwe za akavalo. Ali ndi zaka zitatu, mwanayo akusewera m'chipinda chogwiriramo ntchito bambo ake, adadzibaya m'diso ndi kachitsulo kosongoka koboolera zikopa. Balalo lidanyeka, matenda adalowanso m'diso linalo, ndipo pofika zaka zisanu adali atasiyiratu kuona.

M'masiku amenewo ana ambiri osaona a m'mabanja wamba ankathera kupempha m'misewu. Makolo a Louis sadalole zimenezo. Wansembe wa m'mudzimo, Jacques Palluy, adayamba kumuphunzitsa, kenako adamupezera malo pasukulu ya m'deralo, pomwe ankaphunzira pomvetsera ndi kuloweza. Mu 1819, ali ndi zaka 10, adapita ku Paris kukayamba sukulu ya ana osaona imene adaikhazikitsa Valentin Haüy.

Sukuluyi idali ndi mabuku ochepa kwambiri. Adali a zilembo zomwezi za anthu oona, koma zazikulu ndi zotukuka pa pepala lolimba. Mabukuwo adali olemera, okwera mtengo, ndipo chala chinkachedwa kulondola chilembo chilichonse kotero kuti wowerenga ankafika kumapeto kwa chiganizo ataiwala chiyambi chake. Vuto lalikulu lidali lakuti ophunzira sakadatha kulemba okha zilembozo n'kudziwerengera.

Mu 1821 ophunzirawo adaonetsedwa njira ina, ya Charles Barbier, yemwe kale adali msilikali. Njirayi inkagwiritsa ntchito timadontho totukuka tofika 12 pa chizindikiro chimodzi. Ophunzira adaikonda chifukwa dontho limamveka msanga ku chala kusiyana ndi mzere wokhota, komanso munthu ankatha kudzibooleramo yekha papepala. Komabe chizindikiro cha timadontho 12 chidali chachitali, chosakwana pansi pa nsonga ya chala.

Braille adaigwira ntchitoyo kwa zaka zitatu. Adachepetsa timadonthoto kufika pa 6, m'mizere iwiri yoimirira ya timadontho titatutitatu, kuti chala chizikhudza chizindikiro chonse nthawi imodzi. Posinthasintha malo a timadonthoto pamatuluka zizindikiro 63, zokwanira zilembo, manambala ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Pofika 1824, ali ndi zaka 15, njirayo idali itaima. Adaisindikiza m'buku mu 1829, ndipo mu 1837 adatulutsa buku lachiwiri lokonzedwanso bwino. Poti adali katswiri wa limba, yemwe ankaimba m'tchalitchi cha Saint-Nicolas-des-Champs ku Paris, adakonzanso kuti timadontho tomweti tizilemba nyimbo.

Atamaliza maphunziro adakhala mphunzitsi pasukulu yomweyo, ndipo mwa zina ankaphunzitsa masamu ndi mbiri yakale. Mkulu wa sukuluyo, Alexandre Pignier, adalola ophunzira kugwiritsa ntchito malembo atsopanowa. Zinthu zidatembenuka mu 1840 pomwe udindo udapita kwa Pierre-Armand Dufau, yemwe adawaletsa. Aphunzitsi ena oona ankati malembo osiyana ndi a anthu onse angapatule osaona pakati pa anzawo. Ophunzira sadamvere: adapitiriza kulemba mobisa ndi kuphunzitsana okhaokha. Wothandizira wa Dufau, Joseph Guadet, ataona kulimbikira kwa anawo, adanyengerera bwana wake mpaka adasintha maganizo, ndipo mu 1844, potsekulira nyumba yatsopano ya sukuluyo, malembowo adaonetsedwa pamaso pa alendo.

Nthawi yonseyi Braille ankavutika ndi chifuwa chachikulu cha TB, chomwe chidamufooketsa mpaka kuchepetsa ntchito yophunzitsa. Adamwalira pa 6 Januwale 1852, patangopita masiku awiri chikwanitsireni zaka 43. Sadaone malembo ake akuvomerezedwa mwalamulo, pakuti sukulu yakeyo idachita zimenezi mu 1854. Mu 1878 msonkhano wa akatswiri a maphunziro a osaona ochokera m'maiko osiyanasiyana, womwe udachitikira ku Paris, udasankha malembo a braille kuti ndiwo azigwiritsidwa ntchito. Mu 1952, patatha zaka 100 chimwalirireni, mafupa ake adasamutsidwira ku Panthéon, komwe dziko la France limaika anthu ake olemekezeka. Anthu a ku Coupvray adapempha kuti mafupa a manja ake atsale kwawo, ndipo adatsaladi. Nyumba imene adabadwiramo tsopano ndi malo osungirako mbiri yake.

Lero malembowa adasinthidwa kuti agwirizane ndi zilankhulo zambiri, kuphatikizapo Chichewa. Kuno kwathu, aphunzitsi a ana osaona amaphunzira braille ku koleji ya Montfort m'boma la Chiradzulu. Kuyambira 2019, bungwe la United Nations limakumbukira malembowa pa 4 Januwale chaka chilichonse, tsiku lobadwa mwini wake.

Alipo ena amene amaganiza kuti poti foni za Android zili ndi TalkBack, za iPhone zili ndi VoiceOver, ndipo NVDA imapezeka ulere, ana osaona sakufunikiranso braille. Aphunzitsi ambiri a anawa amatsutsa. Mwana wongomvetsera amadziwa nkhani, koma sadziwa kalembedwe ka mawu, ndipo masamu ndi ovuta kuwasunga m'mutu popanda kuwakhudza. Louis Braille naye adayamba sukulu pomvetsera ndi kuloweza, ndipo adali wanzeru ndithu, koma adaona kuti sizikukwanira. Adathera unyamata wake akuboola mapepala kuti mwana wosaona azitha kulemba kalata, kuiwerenga yekha ndi kukonza pomwe walakwitsa, popanda kudikira munthu woona.