Harry Brearley, mnyamata wotsuka mabotolo amene anagonjetsa dzimbiri

Aliyense wokhala mu Mzuzu amachidziwa chinyezi cha kuno. Mukasiya khasu kapena chikwanje panja usiku umodzi m'nyengo ya mvula, kukamacha mumachipeza chitayamba kufiira ndi dzimbiri. Koma supuni yomwe mwana waiwala pa thandala usiku womwewo mumaipeza ikunyezimira ngati kale. Zonsezi ndi zitsulo ndithu. Kusiyana kwake kunayambira kwa munthu wina amene anasiya sukulu ali ndi zaka 12 zokha.

Harry Brearley anabadwa pa 18 Febuluwale 1871 mumzinda wa Sheffield ku England, m'banja losauka. Sheffield inkadziwika padziko lonse ndi mipeni, malumo ndi zida zina zachitsulo, ndipo bambo ake ankagwira ntchito yosungunula chitsulo pa kampani ya Thomas Firth and Sons. Ntchito yoteroyo si yachilendo kwa ife akumpoto. Aphoka a m'mapiri a ku Rumphi ankasungunula chitsulo m'ng'anjo zadothi kalekale, ndipo makasu awo ankafika kutali pa malonda. Kaya ku Rumphi kaya ku Sheffield, luso limeneli mwana ankaliphunzira poyang'ana akuluakulu.

Harry naye anayambira pa ng'anjo ngati wothandizira, koma posakhalitsa anamusamutsira ku labotale ya kampaniyo kuti azikatsuka mabotolo. Mkulu wa labotaleyo, James Taylor, anaona kuti mnyamatayu ali ndi chidwi, choncho anamulimbikitsa kuwerenga. Masana ankatsuka mabotolo, madzulo n'kumapita kusukulu. Anafika pokhala katswiri woyeza zomwe zili m'kati mwa chitsulo, mpaka kampaniyo inamutumiza ku fakitale yake ya ku Riga, komwe lero ndi likulu la dziko la Latvia. Atabwerako, mu 1908 anamuika kukhala mkulu wa labotale yatsopano ya kafukufuku yotchedwa Brown Firth.

Chodabwitsa n'chakuti sankafufuza za masupuni kapena za zida za chipatala. Mu 1912 anapatsidwa vuto la mfuti: mipope yake inkaperepeseka msanga m'kati chifukwa cha kutentha kwa onga. Iye anayamba kusakaniza chitsulo ndi mtundu wina wa chitsulo wotchedwa chromium, n'kumasinthasintha muyezo. Pa 13 Ogasiti 1913 anasungunula chitsulo chokhala ndi magawo 12.8 a chromium pa magawo 100 alionse, ndi kaboni pang'ono chabe, magawo 0.24.

Pofuna kuona chitsulo pa makina okuza zinthu, akatswiri amayamba achipukuta bwino n'kuchidontheza asidi kuti adye pamwamba pake, mizere ya m'kati ioneke. Brearley atachita zimenezi, asidi wa masiku onseyo analephera kuchidya. Wina akanangoti ntchito yaonongeka. Iye, pokhala mwana wa mzinda wa mipeni, anaganiza za kukhitchini. Anachiyesa ndi viniga ndi madzi a mandimu, chitsulocho osathimbirira. Mipeni yoyamba inasulidwa pa kampani ya R. F. Mosley, mothandizidwa ndi mnzake Ernest Stuart, ndipo dzina la Chingerezi loti stainless steel, lomwe mumaliona litadindidwa kuseri kwa supuni, linatchuka kuyambira pamenepo.

Chinsinsi chake n'chosavuta kumva. Chitsulo wamba chikakumana ndi madzi ndi mpweya wa okosijeni chimapanga dzimbiri lomwe limayoyoka, n'kusiya chitsulo cha pansi pamtetete kuti nacho chidyeke. Chromium akakumana ndi okosijeni amapanga kakhungu kopyapyala kwambiri, kosaoneka ndi maso, komwe kamamatirira n'kutchinga madzi. Kakhunguko kakakandika kamadzipanganso kokha, bola mpweya ukhalepo. Kuti izi zitheke, chromium ayenera kukhala osachepera magawo 10.5 pa 100.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza makolo ndi anthu odzipereka pa zaumoyo. Singano ya jakisoni wa katemera, sizasi yodulira mchombo wa khanda, zopanira mabala, timbale toikamo zida, ngakhale zitsulo zina zomwe madokotala amalumikizira fupa lothyoka, zambiri mwa izo n'zachitsulo chosachita dzimbiri. Chitsulo chimenechi chimapirira kuwiritsidwa ndi kutenthedwa ndi nthunzi kambirimbiri osakumbika timaenje tomwe litsiro ndi tizilombo tingabisalemo. Komabe tisasokoneze zinthu ziwiri. Kunyezimira si ukhondo. Sizasi yowala bwino ikhoza kunyamula tizilombo ngati sinatsukidwe ndi kuwiritsidwa moyenera. Ndipo kafumbata, yemwe ambiri timamunamizira dzimbiri, amayamba ndi tizilombo topezeka m'dothi ndi m'ndowe. Msomali wadzimbiri umangotitengera m'kati mwa bala. Chomuteteza mwana ndi katemera komanso kutsuka balalo msanga.

Kakhungu ka chromium kaja kalinso ndi adani ake: klorini ndi mchere. Chida chikasiyidwa nthawi yaitali m'madzi a klorini chimayamba timadontho ta dzimbiri, makamaka pomwe sizasi imalumikizana. Choncho chida chikakhudzana ndi klorini chiyenera kutsukuluzidwa ndi madzi oyera n'kuumitsidwa, motsatira malangizo a achipatala. Kunyumba nako, kukwecha poto wotere ndi waya wachitsulo wamba kumasiya tizidutswa tomwe timachita dzimbiri pamwamba pake, mayi n'kumaganiza kuti anagulitsidwa katundu wachinyengo.

Brearley mwiniwake sanadyerere msanga. Akuluakulu a kampani yake poyamba sanachione chitsulocho ngati chaphindu, ndipo phindu litayamba kuoneka panabuka mkangano woti mwini wake wa luso limeneli ndani. Mu 1915 anachoka n'kukalowa ntchito ku kampani ina ya mu Sheffield momwemo, ya Brown Bayley, komwe pambuyo pake anakhala mmodzi wa oyendetsa kampaniyo.

Ulemu unabwera mu 1920, pamene bungwe la Iron and Steel Institute linamupatsa mendulo ya golide ya Bessemer. Mendulo imeneyi inakhazikitsidwa mu 1874 m'dzina la Henry Bessemer, amene anatulukira njira yopangira chitsulo cholimba chambiri pa mtengo wotsika, ndipo imaperekedwabe mpaka pano kwa anthu amene atukula sayansi ndi ntchito za chitsulo. Mendulo imapita pa khosi limodzi, koma kunena zoona Brearley sanali yekha. Ku Germany, Eduard Maurer ndi Benno Strauss a kampani ya Krupp anali atapanga kale mu 1912 chitsulo chosakaniza chromium ndi nickel, ndipo ku America Elwood Haynes ankafufuza zofananazo. Mtundu womwe wafala kwambiri m'makhitchini mwathu, wa magawo 18 a chromium ndi 8 a nickel, anaukonza mu 1924 ndi W. H. Hatfield, yemwe analowa m'malo mwa Brearley pa labotale ija. Mukaona manambala 18/8 kapena 18/10 pa supuni kapena pa poto mumsika wa Mzuzu, tanthauzo lake ndi limeneli. Chomwe Brearley anaposa nacho anzake n'chakuti anaona msanga ntchito yomwe chitsulochi chingagwire m'manja mwa anthu wamba, ndipo anakakamira mpaka mpeni weniweni unasulidwa.

Atakalamba sanaiwale komwe anachokera. Mu 1941 anakhazikitsa thumba la chithandizo lotchedwa Freshgate Trust, loti lizithandiza anthu a m'dera la Sheffield ochokera m'mabanja ngati lake pa maphunziro, maulendo ndi zaluso. Anamwalira pa 14 Julaye 1948 m'tauni ya Torquay, ali ndi zaka 77.